Umboni wa Mlendo: Mabuku a Zithunzi a Azungu Oyamba

Munthu akaima m'mbali mwa njanji pa Sharpevale, m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, napenya kumadzulo, amaona mapiri atandanda kuchokera kumwera kunka kumpoto ngati linga la mudzi. Pa mapu a kusukulu mapiri amenewo adalembedwa kuti Kirk Range, ndipo malo amene munthuyo waimapo amatchedwa ndi dzina la Sir Alfred Sharpe, amene adalamulira dziko lino kuyambira 1896 kufikira 1910. Maina onse aŵiriwo ndi a alendo. La Sharpe lidabwera ndi boma la atsamunda, koma la Kirk lidatsogola, ndipo lidabwera ndi buku. Buku limenelo lidasindikizidwa ku London m'chaka cha 1865, lili ndi mapu ndi zithunzi, ndipo ndi limodzi mwa mabuku a maulendo amene Azungu adakhala akulemba kwa zaka mazana angapo, kusimbira anzawo za maiko a Africa ndi Asia.

Mabuku otere lero ndi osoŵa. Akale kwambiri adatsala oŵerengeka, ndipo amasungidwa m'makabati okhoma kuopa chiswe, chinyezi ndi mbala. Ambiri adaonongedwa ndi amalonda amene adang'ambamo zithunzi namazigulitsa chimodzichimodzi kwa anthu ofuna kukongoletsa zipupa za nyumba zawo. Koma kwa Mmalaŵi phindu la mabuku ameneŵa silili pa mtengo wake. Makolo a dziko lino adasunga mbiri yawo pakamwa, m'nyimbo, m'magule, m'maina a malo ndi m'zojambula za pamiyala monga za ku Chongoni. Sadasiye zithunzi za papepala zoonetsa nkhope zawo, zovala zawo ndi ntchito za manja awo. Zithunzi zakale za mtundu umenewo zili m'mabuku a alendo. Tsono funso lofunika ndi ili: kodi adazijambula ndani, ndipo kodi iyeyo adaona ndi maso ake kapena adangomva?

Nkhaniyi iyambira pa nyanja yamchere. Vasco da Gama atazungulira kumwera kwa Africa nafika pa chilumba cha Mozambique ndi ku India m'chaka cha 1498, Apwitikizi adabisa njira ya ngalaŵa zawo monga mlenje abisira anzake pamene pamamwera nyama. Chinsinsicho chidaululidwa ndi mnyamata wa ku Holland, Jan Huyghen van Linschoten, amene adagwira ntchito ya ulembi kwa bishopu wamkulu wa mzinda wa Goa ku India kuyambira 1583. Popita kumeneko ngalaŵa yake idaima pa chilumba cha Mozambique. Atabwerera kwawo, buku lake lotchedwa Itinerario lidatuluka ku Amsterdam mu 1596, lili ndi zithunzi zoposa 30 zoonetsa anthu, misika, mitengo ndi zipatso, ndiponso mapu ndi malangizo a njira ya panyanja. Posakhalitsa ngalaŵa za Adatchi ndi Angerezi zidayamba kulimbirana malonda ndi Apwitikizi, ndipo mu 1602 Adatchi adakhazikitsa kampani yawo yaikulu ya malonda a kum'maŵa. Kuyambira pachiyambi pomwe, buku la zithunzi silidali choseŵeretsa: lidali kusonyeza njira kwa amene adali kudza pambuyo.

Linschoten adajambula zambiri zimene adaziona yekha. Sizidali choncho ndi banja la a De Bry, amisiri ozokota zithunzi a mumzinda wa Frankfurt, amene kuyambira 1597 kufikira 1628 adasindikiza mndandanda wa mabuku a maulendo a ku Africa ndi Asia. Iwo adali kuzokota mizere pa mbale ya mkuwa, kupakamo inki, nkudinda papepala. Ntchito yofuna luso ndi ndalama, kotero kuti mabuku awo adali ogula anthu olemera okha. Buku loyamba mumndandandawo lidali la ufumu wa Kongo. Mau ake adachokera kwa Filippo Pigafetta, Mtaliyana amene adangolemba zimene adamva kwa wamalonda wa Chipwitikizi, Duarte Lopes. Ndipo zithunzi zake zidazokotedwa ndi anthu amene sadapondeko ku Africa. Chifukwa chake mbidzi ya m'bukumo ikunga kavalo wopakidwa mizere, ndipo muli chithunzi choopsa cha malo ogulitsirapo nyama ya munthu, chimene wojambulayo sadachione kwina kulikonse koma m'mutu mwake. Momwemonso Olfert Dapper, amene buku lake lalikulu lofotokoza Africa lidatuluka ku Amsterdam mu 1668, adalemba zonse ali kwawo. Oŵerenga a ku Ulaya adakhulupirira zithunzizo, pakuti munthu amakayika zimene wamva koma sakayika msanga zimene waona.

M'zaka zimenezo dzina la Amaravi lidayamba kumveka m'zolemba za Apwitikizi, ngakhale popanda zithunzi za anthu ake. Wansembe João dos Santos, amene adakhalapo ku Sena ndi ku Tete, adatulutsa buku lake Ethiopia Oriental mumzinda wa Évora mu 1609, ndipo adasimba za nkhondo za Azimba kumpoto kwa Zambezi, nawanenera kuti adali kudya anthu. Akatswiri a mbiri amaŵerenga mau amenewo mochenjera, podziŵa kuti Azimbawo adali atagonjetsa asilikali a Apwitikizi, ndipo wogonja sasimba bwino za womgonjetsa. Mu 1616 Gaspar Bocarro adayenda pansi kuchokera ku Tete kukafika ku Kilwa, nachezera mfumu Muzura panjira, ndipo nkhani ya ulendo wake itchula nyanja yaikulu ndi mtsinje wotuluka m'menemo. Nkhaniyo idagona m'mapepala olemba pamanja kufikira idasindikizidwa ku Lisbon mu 1876. Komabe mbiri ya nyanjayo idafika kwa olemba mapu, ndipo pa mapu a Africa amene Mfalansa d'Anville adatulutsa mu 1749 pali nyanja yaitali yotchedwa Maravi. Padali patatsala zaka 110 kuti David Livingstone aime m'mbali mwake.

Buku loyenera kudziŵika kwambiri kuposa m'mene lidziŵikira ndi la António Gamitto, lotchedwa O Muata Cazembe, limene lidatuluka ku Lisbon mu 1854. Gamitto adali wachiŵiri kwa Major José Monteiro pa ulendo wochokera ku Tete mu 1831 kupita kwa Mwata Kazembe ku Luapula, ndipo njira yawo idadzera m'maiko a Amaravi ndi Acheŵa, m'madera amene lero ali m'Mozambique ndi m'Zambia. Ulendowo udali wa njala ndi maliro, ndipo sudapindule kanthu pa malonda amene Apwitikizi adali kufuna. Koma Gamitto adali munthu wa maso akuthwa. Adalemba za mafumu monga Undi ndi Mkanda, za kaweruzidwe ka milandu, za maliro, za kusungunula chitsulo ndi za ulimi. Ndipo bukulo lili ndi zithunzi zopaka utoto, china choonetsa Kazembe mwini atavala zaufumu. Popeza lidalembedwa m'Chipwitikizi, Angerezi ambiri sadaliŵerenge kufikira Ian Cunnison adalimasulira mu 1960. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene ana a sukulu a dziko lino adakulira kumva ngati mbiri yolembedwa ya kuno idayamba ndi Livingstone.

Tsono buku la 1865 lija ndi la David Livingstone ndi mng'ono wake Charles, lotchedwa Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, losindikizidwa ndi John Murray. Lisimba za ulendo wa 1858 mpaka 1864, ndipo mutu wake upitirira kunena kuti iwo adatulukira nyanja za Chilwa ndi Nyasa, ngakhale kuti m'mbali mwa nyanja zonse ziŵirizo adapezamo midzi, mabwato ndi asodzi. Boma la Angerezi lidawapatsa katswiri wojambula, Thomas Baines, amene adalinso wosunga katundu. Koma mu 1859 Livingstone adamchotsa ntchito pomnenera kuti adasakaza katundu wa ulendowo, mlandu umene Baines adaukana mpaka imfa yake. Zojambula zake za m'mbali mwa Zambezi zidagwiritsidwa ntchito m'bukumo. Chofunika kuchisunga ndi ichi: pamene ulendowo udafika ku nyanja mu September 1859, ndi m'zaka zonse zotsatira, padalibenso katswiri wojambula.

Makina ojambulira adalipo. Charles Livingstone ndiye adapatsidwa ntchitoyo, koma kutentha ndi kuonongeka kwa mankhwala kudamlepheretsa kaŵirikaŵiri. Dr. John Kirk, sing'anga ndi katswiri wa zomera, adachita bwino koposa, koma makina a nthaŵi imeneyo adafuna kuti chojambulidwa chisagwedezeke kwa kanthaŵi ndithu, kotero zambiri za zithunzi zake ndi za mitengo, nyumba ndi madzi. Ndiponso m'chaka cha 1865 padalibe njira yodindira chithunzi cha makina pamodzi ndi zilembo. Chithunzi chilichonse chidayenera kudzera m'manja mwa amisiri a ku London. Wina adali kuchijambulanso pa kathabwa ka mtengo wolimba, wina nasema kuchotsa malo oyenera kuyera, kuti patsale mizere yotukuka yolandira inki. Amisiriwo adali kuonjezera pamene paperewera ndi kukometsa pamene pawaipira. Livingstone mwini adadziŵa vuto limeneli. Pokonza buku lake loyamba la 1857, adadandaula kwa Murray kuti chithunzi cha mkango umene udamluma ku Mabotsa mu 1844 chidali choipitsitsa, chakuti aliyense wodziŵa mkango adzachiseka. Chithunzicho chidasindikizidwabe, ndipo bukulo lidagulidwa makope pafupifupi 70,000.

Chithunzi chotchuka koposa m'buku la 1865 ndi cha gulu la akapolo amene adakumana nawo m'mudzi wa Mbame, kufupi ndi pamene pali mzinda wa Blantyre lero. Pa 16 July 1861 Livingstone adali kuperekeza Bishopu Charles Mackenzie ndi amishoni anzake kukafuna malo, pamene m'mudzimo mudaloŵa mzere wa anthu omangidwa, akupita nawo ku Tete. Owayendetsa ataona Azungu adathaŵira kuthengo, ndipo anthu 84 adamasulidwa, napita ndi amishoniwo ku Magomero. Pachithunzipo amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ali pazingwe, ndipo m'mbali muli amuna a mfuti. Palibe makina amene adajambula zimenezo, ndipo Baines adali atachoka kale. Chithunzicho chidasemedwa ku London ndi anthu amene sadafike kwa Mbame.

Kodi tsono ndi chabodza? Iai. Goli lidalipodi, ndipo bukulo lidasunga ngakhale dzina lake la kuno. Malonda a anthu adapasuladi midzi m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo akuluakulu m'maboma ambiri adasiyira adzukulu awo nkhani zake. Chithunzicho chidadindidwanso m'mabuku ndi m'nyuzi zambiri, chidakhudza mitima ya anthu a ku Scotland ndi England, ndipo chidathandiza kukonzera njira amene adadza Livingstone atamwalira mu 1873: a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, kampani ya Mandala mu 1878, ndipo potsiriza boma la Angerezi mu 1891. Koma chithunzi chomwecho chidaphunzitsanso chinthu china. Chidaonetsa munthu wa kuno ngati wopanda dzina, wopanda mau, woyembekeza kuomboledwa ndi mlendo. Ndipo amene adafuna kulanda dziko adapeza m'menemo chodzikanira.

Komatu anthuwo adali ndi maina. Mmodzi wa ana amene adamasulidwa m'masiku omwewo a July 1861 adali Chuma, Myao. Iyeyu adakula, natsagana ndi Livingstone pa ulendo wake wotsiriza, ndipo pamodzi ndi Susi adatsogolera anthu amene adasenza mtembo wake kuchokera kwa Chitambo kukafika kugombe la nyanja yamchere. Mu 1874 aŵiriwo adali ku Ulaya kuthandiza Horace Waller kukonza buku la zolemba zotsiriza za Livingstone. Nkhani ya masiku omaliza a Livingstone ndi ya ulendo wa mtembo wake idachokera pakamwa pawo, ndipo adamanganso kanyumba konga kamene iye adaferamo kuti eni dzikolo aone. Pa chikuto cha bukulo maina awo palibe pakati pa olemba. M'mabuku onse a mtundu umenewu muli nzeru za olondolera njira, omasulira, opalasa mabwato ndi mafumu olandira alendo. Woŵerenga wodekha amazipeza.

Nanga za mapiri a ku Ntcheu aja? Mu July 1863 Livingstone adalandira kalata ya boma yomuitana kuti abwerere. Sitima yake, Pioneer, sikadatha kutsika Shire kufikira madzi atadzaza, choncho mu August adanyamuka pansi ndi anthu oŵerengeka kulinga kumpoto. Adaoloka Rivirivi, naona phiri la Mvai, nayenda m'chigwa cha m'tsinde mwa mapiri chimene bukulo lichitcha Goa kapena Gova. Omvera asasokoneze dzinali ndi Goa wa ku India uja: ili ndi dzina limene anthu a ku Ntcheu amalidziŵa kuti Gowa. Adalemba za timitsinje totsika m'mapiri, za minda, ndi za anthu okhala mwamantha chifukwa cha nkhondo, ndipo patsogolo adafika pa malinga a mfumu Chinsamba kufupi ndi Linthipe, asadapitirire ku Nkhotakota. Pa ulendo umenewu ndi pamene adatcha mapiriwo dzina la Kirk. Kirk mwini kudalibe: iye ndi Charles Livingstone adali atanyamuka kubwerera kwawo m'mwezi wa May. Padalibe wojambula, padalibe makina, padangokhala cholembera. Koma cholemberacho chidakwanira kusintha mapu. Phiri lililonse lidali nalo kale dzina lake, ndipo eni ake sadaleke kunena Mvai kapena Dzonzi, koma papepala mzere wonsewo udakhala wa Kirk.

Chuma chenicheni cha bukuli chili m'tizithunzi tating'onoting'ono timene oŵerenga a ku London adali kungotipitirira. Muli chipala cha wosula zitsulo ndi mivukuto yake ya zikopa za mbuzi. Muli woomba nsalu atakhala pa ntchito yake. Muli akazi akulima, mai akupera pamphero, uta wa Amaravi, mivi yopaka ulembe, ndi mkazi wa Chimang'anja atavala pelele pamlomo. Mau a m'bukumo achitira umboni kuti Amang'anja adali kulima thonje la mitundu iŵiri, la manga ndi la kaja, kuti adali kupota ndi kuomba okha nsalu, ndiponso kuti makasu, mipeni ndi mikondo zidali kuchokera m'ng'anjo zawo. Livingstone adalemba zimenezi kuti akope amalonda a thonje a kwawo. Koma mosadziŵa adasungira adzukulu a anthuwo yankho kwa aliyense wonena kuti ulimi ndi luso la manja zidabwera ndi sitima. Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa: iye amazizwa ndi zimene mwini mudzi adazizoloŵera, ndipo amazilemba.

Komanso akale omwewo adati mlendo ndi mame. Livingstone adadutsa m'dera la Ntcheu m'masiku oŵerengeka, m'nyengo ya chilimwe, m'chaka cha nkhondo ndi njala. Sadaone chinamwali, sadaone kulongedwa kwa mfumu, sadaone chaka cha mtendere. Zimene zidachitika iye atapita, monga kukhazikika kwa Angoni a Maseko ku Domwe m'zaka za m'ma 1870, m'buku lake mulibe. Pofika 1897, pamene Sir Harry Johnston adatulutsa British Central Africa, buku la mapu 6 ndi zithunzi 220, zithunzi za makina zidali zitayamba kudindidwa mwachindunji, ndipo mmisiri wosema sadalinso pakati. Koma makina nawo amayang'ana kumene mwini wake wawalozetsa. Bukulo lidalembedwa ndi wolamulira, ndipo lidatuluka patangopita chaka chimodzi Inkosi Gomani woyamba ataphedwa ndi asilikali a boma mu 1896, chaka chimene Sharpe adatenga malo a Johnston. Wofuna kumva imfa ya Gomani monga adaimvera anthu ake sangaipeze m'mabuku a boma; aipeza m'nyimbo za ngoma ndi pakamwa pa akuluakulu a ku Ntcheu.

Ndi chifukwa chake ntchito ya olemba a dziko lino idali yaikulu. Yohanna Abdallah adatulutsa mbiri ya Ayao mu 1919, Yesaya Chibambo adalemba za Angoni a kumpoto, ndipo Samuel Ntara adasonkhanitsa Mbiri ya Acheŵa m'zaka za m'ma 1940, atafunsa akuluakulu m'midzi. Iwo sadataye mabuku a alendo, koma adaimika mboni yachiŵiri pambali pa yoyamba. Mabuku ena a maulendo akalewo asungidwa ku nyumba ya zolembedwa zakale za boma ku Zomba ndi ku Society of Malawi m'nyumba ya Mandala ku Blantyre, ndipo ambiri adajambulidwa tsamba ndi tsamba naikidwa pa intaneti, kotero kuti mphunzitsi wa ku Bwanje angathe kuonetsa ana ake chithunzi chimene kale chidali cha olemera a ku Ulaya okha.

Mphunzitsi wotere achite monga ichitira mfumu pabwalo la milandu. Mfumu siithamangitsa mboni chifukwa ndi mlendo, ndipo siigamula mlandu pa mau a mboni imodzi. Imafunsa kuti: kodi mudalipo? Mudakhalapo nthaŵi yaitali bwanji? Nanga akutumani ndani? Mafunso atatu omwewo ayenera chithunzi chilichonse cha m'mabuku ameneŵa. Mbidzi ya a De Bry igwa pa funso loyamba. Chigwa cha Gowa monga adachionera Livingstone chiyesedwe ndi funso lachiŵiri. Akapolo a kwa Mbame ndi zithunzi za Johnston ziyesedwe ndi lachitatu. Zikatero, ana atumidwe kwa agogo awo kukafunsa dzina la phiri lililonse looneka pakhomo pawo, ndi amene adali kusula makasu kapena kuomba nsalu m'mudzi mwawo, nalembe mayankho m'kope. Agogo amene akudziŵa zimenezi akutha chaka ndi chaka, ndipo mau awo alibe kabati yowasungira.